Rekoda Yopanda Kanyali

Tsiku limenelo kunacha ndi mvula yowaza, ija yosamveka padenga koma yonyowetsa munthu mpaka m'khosi. Nyengo yotere guluu sauma. Ndinali ndi mipando ya patebulo lodyera yofunika kumata miyendo, ndipo nditayang'ana kumwamba ndinadziwa kuti ntchito yaima. N'chifukwa chake mwana wanga wachisamba ataimba foni kuti akubwera kudzanditenga tikagule rekoda, sindinakane.

Ntchito yanga ndi yokonza mipando ndi masofa. Ndimang'amba nsalu yakale, kusintha masipuling'i ndi siponji, n'kukutira nsalu yatsopano. Shopu ili pansi, ine ndimagona pamwamba pake. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankasunga timisomali m'kamwa n'kumatitulutsa kamodzikamodzi ndi lilime, ndipo nanenso ndimatero. Munthu wa misomali m'kamwa sachedwa ndi nkhani. Mkazi wanga ankauza makasitomala kuti mawu anga ndinawameza limodzi ndi misomali, choncho zokamba zonse azikamba ndi iye. Iye ndiye ankadula ndi kusoka nsalu, ndiye ankalalatira ochedwa kudzatenga katundu wawo, ndiyenso ankandiuza nthawi yoweruka. Ndinkamutcha Akapitawo. Madzulo aliwonse ndikatseka shopu ndinkasamba m'manja, kukwera pamwamba, kukhala patebulo n'kumupatsa lipoti la tsikulo: chimene ndamaliza, chimene chandikanika, amene wabwera. Atamwalira sindinasiye. Ndinkaona kuti palibe chifukwa chosiyira, ndipo sindinauzepo munthu.

M'foni yanga yakale munatsala mawu ake, mauthenga amene ankajambula akapita kogula nsalu. Mulibe zachikondi. Mu uthenga wina akufunsa ngati atenge yotuwa popeza yobiriwira yatha. Mu wina akundikumbutsa kuzimitsa moto wa guluu. Mu wina akungokalipa kuti foni ndili nayo yanji ngati sindiyankha. Koma foniyo inali itatopa. Batire linatupa mpaka chivundikiro chakumbuyo chinakanuka, ndinachimanga ndi labala, ndipo inkazima yokha pakati pa uthenga. Wokonza mafoni wa pakona anandiuza kuti tsiku lina idzagona osadzukanso.

Ana ndili nawo awiri. Wachisamba ndi wamkazi, amagwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi. Mzime ndi wamwamuna, amagulitsa matayala. Chichitikireni maliro nyimbo yawo inali imodzi: nditseke shopu, ndisamukire m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya mzime. Ankati masitepe ndi otsetsereka, ankati moto wa guluu udzandiotchera m'nyumba, ankati munthu wa msinkhu wanga sakhala yekha. Chipindacho ndinakachiona. Zenera lake limayang'ana khoma la mpanda. Nthawi zonse ndinkawamvetsera mpaka amalize, kenako ndinkati ayi.

Ndiye panapita nthawi osaikambanso nkhaniyo. Tsiku lina wachisamba anabwera yekha, wofatsa, anaona foni yomanga ndi labala ija, anafunsa. Nditamuuza anagwetsa misozi pang'ono. Anati pali timakina tating'ono tojambula ndi kuseweretsa mawu, tikagula kamodzi tidzasamutsiremo mawu a amayi ake, kazikhala patebulo langa. Mawu akuti patebulo langawo ndinawagwira. Ndinati mumtima, basi, anawa agonja, avomera kuti ndikhala pomwe ndili. Usiku umenewo ndinaziika mu lipoti.

M'galimoto analankhula ndi iye. Anakamba za misewu, za mdzukulu wanga amene wayamba kukana kudya masamba, za bwana wake. Ankalankhula mothamanga, maso ali pagalasi lamvula. Ine ndinali nditagwira foni m'thumba la jekete kuti isagundike.

Sitoloyo inali yopapatiza, pakati pa masitolo ena ogulitsa mawailesi ndi mawaya. Mkati munali makauntala a galasi mbali zonse ziwiri, ndipo kumapeto kunali mulu wa makatoni. Mwana wanga anapita molunjika pa kauntala ya marekoda osafunsa munthu. Ndinaziona, koma ndinati ana a masiku ano amadziwa zinthu. Atafika anasuzumira kuseri kwa kauntala ngati akufuna wina. Amene anatuluka anali bambo wonenepa, magalasi ali pamphumi, akutafuna kanthu. Anapepesa kuti lero ali yekha, akazi awo apita ndi mwana kuchipatala cha mano, koma tisade nkhawa, katundu amamudziwa bwino kuposa mayiwo, kungoti mayiwo savomera.

Anatiyalira marekoda pa kansalu. Yoyamba inali ndi timaikolofoni tiwiri pamutu ngati nyanga, anati ndi ya oimba ndi atolankhani, ndipo atandiyang'ana anaibweza yekha m'galasi. Yachiwiri inali yonenepa ngati sopo wochapira, ya mabatani akuluakulu, ili ndi sipika yakeyake kutsogolo. Anadina batani, kanyali kofiira kanayaka. Anati kakayaka ndiye kuti ikujambula, kakazima ndiye kuti yasiya, ndipo mabatire ake ndi wamba, ogula pena paliponse. Kachitatu kanali kowonda ngati pensulo ya kalipentala, kakuda, kopanda chilichonse pathupi kupatula timabatani tiwiri m'mbali.

Ndinanyamula yonenepa ija. Zala zanga n'zokhakhala, zala za munthu wokoka nsalu, ndipo mabatani ake ndinawamva bwino. Ndinaiika pakhutu, ndinaiika pakauntala, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndione ngati ingamveke kuchokera pa benchi yanga yogwirira ntchito. Ndinati iyi.

Mwana wanga anati tisafulumire. Anati yonenepayo ndi yachikale, mabatire azingotha, ndipo m'shopu mwanga muli fumbi la siponji limene lidzatseke sipikayo. Anati kowondako n'kopepuka, kamachajidwa ngati foni, kamakhala masiku ambiri osazima. Ndinafunsa kuti mawu adzatulukira pati popeza kalibe sipika. Wogulitsa anati pamahedifoni, madala, kapena mukakalumikiza ku wailesi. Ndinati sindifuna mkazi wanga m'makutu, ndimamufuna m'chipinda. Wogulitsa anaseka, anati ndine mwamuna woyamba kunena zimenezo m'sitolo yake.

Mwana wanga sanaseke. Anati kasipika kapadera adzandigulira, zimenezo si vuto. Anatinso m'foni mwake muli mauthenga ena a amayi ake amene ine sindinawamvepo, ena akuimbira mdzukulu, ndipo kumapeto kwa sabata iliyonse azidzatenga karekodako, kukachaja kwake, n'kuonjezeramo wina watsopano. Apo anandigwira pofewa. Sindinkadziwa kuti kunja kuno kuli mawu a mkazi wanga amene sanandipeze. Ndinabweza yonenepa ija pakansalu, ndinatola kowondako. Kanali kozizira, kopanda kulemera, ngati sindinagwire kanthu.

Wogulitsa ataona kuti mphepo yatembenuka anatembenuka nayo. Anati achemwaliwa akudziwa chinthu, kameneka n'kanzeru. Simudina kanthu. Mumangokasiya patebulo, kamakhala chete kudikira, munthu akangolankhula kamayamba kokha kujambula, akasiya nakonso kamasiya. Kalibe kanyali, kalibe kulira. Ndinati ine sindikufuna kujambula, ndikufuna kumvera. Anati zimabwera limodzi, madala, ngati galimoto ndi hutala.

Anatulutsa kena kofanana nako m'dirowa, kokalikakalika, kamene amaonetsera makasitomala. Anakalumikiza ndi waya ku sipika yaikulu ya m'sitolomo, anakaika patsogolo panga.

"Lankhulani kanthu, madala, mudzimve nokha."

Ndinakayang'ana. Ndinalibe choti ndinene kwa pensulo.

"Chilichonse. Dzina lanu. Zanyengo. Mutukwane boma ngati mukufuna, tifufuta."

"Hm," ndinatero.

Anadina kuti tibwereze. Sipika inangopuma mpweya, kenako zii. Anayesanso, anandipempha kuti ndiwerenge zolembedwa pakatoni, ndinapukusa mutu. Anauza mwana wanga kuti bambo akewa angasunge chinsinsi cha dziko. Mwana wanga anati zilibe kanthu, tikukhulupirira, angotikulungira katsopano. Koma wogulitsayo anali wa anthu aja osalola kasitomala kutuluka asanaone chodabwitsa. Anati dikirani, muli china muno chimene akazi anga anajambula ndi makasitomala ena, chimenecho timaonetsa aliyense, mumve m'mene kamatolera ngakhale kunong'ona kwa munthu amene waima uko kumakatoni. Anatinso n'choseketsa.

Poyamba panamveka mawu a mayi amene sindimudziwa, akuti pitani pakona apo, mulankhule motsitsa m'mene amalankhuliramo. Panamveka mapazi. Kenako mwamuna anakonza kukhosi. Kutsokomola kwa mwana wako sungakusokoneze ndi kwa wina.

"Amatere," anatero mzime wanga m'sipikamo. Ndipo anatsitsa mawu, anawatulutsira m'mano ngati munthu amene wasunga misomali m'kamwa. "Akapitawo, ndaweruka. Sofa ya aphunzitsi ija ndamaliza, koma kumakona sikunakhale bwino ngati mukadula inu. Mwaswera bwanji?"

Anasiya mpata. Mpata wake unali wofanana ndendende ndi umene ndimasiya ine.

"Ee, ndamva. Ndivala juzi."

Mwana wanga wamkazi anatambasula dzanja kuti azule waya. Ndinaika dzanja langa pamwamba pa lake, pagalasi pomwepo. Sindinafinye. Ndinangolisiya pamenepo.

M'sipikamo mayi wa sitolo uja anaseka. Mzime anaseka. Ndipo pansi pa kuseka kwawo panali kuseka kwina kwakufupi, kotulukira m'mphuno, kwa munthu amene akuyesa kudzigwira. Kuseka kumeneko mwana wanga wamkazi anakutengera kwa amayi ake.

"Usaseke iwe," anatero mawu ake pambuyo pake. "Mayi, mwati kalibedi kanyali? Akaona chinthu chikuyaka adzachizimitsa, amadana ndi kuwononga magetsi."

"Tikaikamo mawu a amayi sadzakachotsa patebulo," anatero mzime. "Adokotala akangomva okha, alemba kuti sangakhalenso okha. Pamenepo ayi wawo uja watha."

Panamvekanso mayi uja akufunsa ngati akulunge, wachisamba akuyankha kuti ayi, adzabwera nane kuti ndidzasankhe ndekha, apo ayi sindidzakalandira. Kenako zii.

Wogulitsa anali atayamba kuseka pa mawu a juzi paja, monga ankachitira ndi makasitomala ena onse. Kuseka kunamuthera pakamwa pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana wanga, anayang'ana juzi imene ndinavala mkati mwa jekete, anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi, n'kuwabwezanso pomwepo. Anati iye ankangomvera chiyambi chokha, kumapetoku sankafikako. Panja mvula inali ikuwazabe, ndipo m'sitolo yoyandikana nayo munthu ankayesa wailesi, kukweza ndi kutsitsa.

Ndinachotsa dzanja langa. Mwana wanga anasiya lake pagalasi.

Anayamba kufotokoza motsitsa, akuyang'ana marekoda. Anati tsiku lina madzulo anabwera ndi mchimwene wake kudzandiona, anapeza chitseko cha shopu chosakhoma, anakwera masitepe, anandimva ndikulankhula. Anaganiza kuti ndili ndi mlendo. Ataimirira anazindikira amene ndinkalankhula naye. Anati anatsika osagogoda, anakakhala m'galimoto, analira. Anati anaopa. Anapita kwa dokotala amene ankathandiza amayi awo, dokotalayo anati sanganene kanthu za munthu amene sanamuone kapena kumumva, ndipo iwo ankadziwa kuti ine kuchipatala sindingapite ndi miyendo yanga. Za rekoda anati anaganiza ndi mzime, koma iye anavomera, sangakane.

Ndinaganiza za sofa ya aphunzitsi. Ndinaimaliza posachedwa. Tsiku la chitseko chosakhoma limene ankanenalo ndinalikumbukira, linali lakale, nthawi yotentha, pamene munthu savala juzi. Ndiye kuti anabweranso, ndi kiyi amene ndinawapatsa kuti adzatsegule ndikadzadwala. Anaima pamasitepe anga, mumdima wa pakhonde, kumvetsera mpaka mnyamatayo analoweza mawu ndi mipata yomwe.

"Kangati?" ndinafunsa.

Anachotsa dzanja lake pagalasi, anatembenukira kumakatoni.

"Unaseka," ndinatero.

"Bambo, sikunali kuseka kwa..."

"Ndakumva."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Wogulitsa anapeza ntchito yosanja makatoni amene anali osanja kale.

"Amayi ako anamwalira," ndinamuuza. "Ndikudziwa. Nsalu ya m'bokosi lawo ndinakhoma ndine."

"Nanga mumayankhana ndi ndani?"

"Sayankha. Ndimadziwa chimene akananena."

Kwa ine amenewo anali mawu ambiri, ndipo anandilemera. Iye anati akanadziwa bwanji zimenezo. Ndinati akanandifunsa.

"Tikakufunsani mumayankha?" anatero, tsopano akundiyang'ana m'maso. "Chichitikireni maliro mwatiuzapo chiyani ife? Ayi. Ayi. Ndili bwino. Mawu onse mumasungira munthu amene kulibe, ife amoyofe timangotola nyenyeswa pamasitepe."

Ananena zoona. Koma chinthu chikhoza kukhala choona osafafaniza chinzake. Akanalowa tsiku loyamba lija, akanandikalipira ngati amayi ake, akanandikokera kwa dokotala ndi khutu, ndikanakwiya sabata imodzi n'kuiwala. Iwo anasankha kutenga mawu a mkazi wanga n'kuwaika ngati nyambo pa msampha, kuti ine ndemwe ndiunyamule, ndiuike patebulo langa, ndiziupukuta fumbi.

Ndinaitana wogulitsa. Ndinamufunsa kuti ndi anthu angati amva zimenezi. Anati si ambiri, madala, bizinesi yavuta. Kenako anati mwina angapo. Anati ena ankapempha kuti abwereze pajuzi paja. Atanena zimenezo anaoneka kuti akanakonda akanapanda kunena.

Ndinati afufute. Anadina timabatani tija, sipika inangopuma mpweya, anati mwamva, mulibe kanthu. Ndinafunsa kumene mawu amagona m'kamakinako. Anatsegula m'mbali ndi chikhadabo, anatulutsa kakhadi kochepa ngati njere ya dzungu. Anati tengani, n'kanu, mayi akafunsa ndinena kuti kanatayika. Ndinakaika m'mphepete mwa kauntala, ndinakadinikiza ndi chala chachikulu mpaka kanathyoka pakati. Zidutswa ndinaika m'thumba.

Kenako ndinakoka rekoda yonenepa ija. Ndinafunsa ngati imayamba yokha. Anati ayi, imeneyo popanda chala chanu siichita kanthu, ndipo ikamajambula aliyense m'chipinda amaona. Ndinatulutsa foni yanga, ndinamasula labala, ndinamupatsa. Ndinati asamutse.

Anaigwira ngati dzira. Anailumikiza ku kompyuta yake, foni inazima. Anaiyatsanso, inazimanso. Thukuta linamutuluka pamphuno ngakhale kunali kozizira. Kachitatu anaipanikiza chivundikiro ndi chala chake, osasuntha, dzanja linalo likuyendetsa zinthu pakompyuta, ndipo anasiya kulankhula kwa nthawi yoyamba chilowereni ife. Tonse atatu tinayang'ana kamzere kakuyenda pagalasi. Katafika kumapeto anapuma, anati alowa onse, tiyese umodzi. Ndinati ayi, ndikayesa kunyumba.

Mwana wanga anatsegula chikwama chake kuti alipire. Ndinati ndalipira kale, ngakhale ndinali ndisanatero, ndipo wogulitsa anagwedeza mutu kuti n'zoona. Ndinalipira iye atatembenuka.

Panja anatsegula chitseko cha galimoto mbali yanga, anaima pamvula akuchigwira. Anati ndilowe, tikakambirane kunyumba, aitane mchimwene wake abwere adzapepese. Anati mauthenga a amayi ake aja alipodi, sananame, anditumizira onse lero lomwe. Amenewo ndiwo anali mawu ovuta kuwadutsa. Ndinaima pang'ono. Ndinaganiza za mkazi wanga akuimbira mdzukulu nyimbo imene sindinaimvepo. Kenako ndinatambasula dzanja, ndinati kiyi. Anamuchotsa pa mphete ya makiyi ake, chikhadabo chinathyoka pochotsapo, anandipatsa. Ndinati wa mchimwene wake akamuponye m'bokosi la makalata. Ndinakoka kolala ya jekete, ndinapita kokwerera basi.

M'basi munali modzaza ndi anthu onyowa. Rekoda ndinaiika mkati mwa juzi, pachifuwa. Ndinayesa kuganiza kuti mzime anali mwana wotani, ngati ndinaphonya chinachake. Ndinangokumbukira kuti ali wamng'ono ankakonda kutengera mayendedwe a makasitomala akatuluka, amayi ake n'kumaseka mpaka kusiya makina osokera. Nthawi imeneyo nanenso ndinkamwetulira.

Ndinafika kusanade. Shopu inali kununkha guluu wozizira ndi nsalu yonyowa. Mipando ija inali chigonere chagada pabenchi, miyendo m'mwamba. Ndinakhoma chitseko, ndinasamba m'manja ngakhale sindinagwire ntchito, ndinakwera pamwamba. Pamasitepe ndinaima pamene ndinaganiza kuti ankaima. Kuchokera pamenepo munthu amaona mwendo wa tebulo ndi msana wa mpando wanga kudzera pa mpata wa chitseko. Ndinali ndisanaimepo pamenepo chimangireni nyumbayi.

Ndinakhala patebulo. Ndinaika mabatire, ndinaimika rekoda pafupi ndi mchere. Inali nthawi ya lipoti, ndipo zoti ndinene zinalipo zambiri kuposa tsiku lina lililonse. Ndinatsegula pakamwa. Ndinapeza khutu langa lili kumasitepe, ngakhale chitseko ndinakhoma ndekha. Ndinayesanso, koma mawu oyamba aja ndinawamva m'mutu akubwera ndi liwu la mzime, otsatana ndi kuseka. Ndinatseka pakamwa.

Ndinadina batani lalikulu. Mkazi wanga anadzaza chipinda, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la msika ndi lumo la munthu wodula nsalu. Anati ya mizere ilipo koma ndi yopyapyala, siikhala chaka pa sofa ya nyumba ya ana, ndiye iye sakugula, kasitomalayo akwiye ngati akufuna. Anati ndiyankhe msanga, asaime pamenepo ngati mtengo. Uthenga unatha, makina sanazime. Ndinamvera wachiwiri, ndi wachitatu. Sipikayo inali yabwino. Wogulitsa uja sananame.

Foni inalira, anali mzime. Ndinaisiya ilire mpaka inazima yokha. Ndinakhala pamenepo ndikuganiza za dokotala uja. Ankandidziwa. Ndinkakhala pa mpando wa pakona nthawi zonse mkazi wanga akamapimidwa, ndipo mpando umenewo unali wong'ambika pamsana. Tsopano anali atamva za ine kuchokera kwa ana anga, ndipo ndikapitiriza kukhala chete, zimene anamvazo ndi zimene zidzalembedwe. Msampha wa rekoda unakanika, koma anthu awiri amene anaganiza za rekoda akhoza kuganizanso china.

Lipoti sindinapereke tsiku limenelo. Kutacha ndinameta ndevu, ndinavala malaya oyera, ndinapachika chikwangwani pachitseko cha shopu kuti ndatuluka, ndinapita kwa dokotalayo ndekha.